Mtsuko Umene Amayi Anaukana

Ndinabadwa ndi nkhope yosaseka. Ndikuyamba ndi zimenezi chifukwa zili ndi gawo pa mlandu uno. Ndikamanena zoseketsa, nkhope imakhala ngati ya munthu wolengeza maliro. Ndikamanena zoona, imakhalanso chimodzimodzi. Ku koleji anzanga ankazikonda. Tsiku lina m'kalasi ndinaimirira n'kupempha kuti tikhale chete kwa mphindi imodzi pokumbukira choko chimene chinali chitangothyokera m'manja mwa aphunzitsi, ndipo theka la kalasi linaweramitsadi mitu lisanazindikire. Aphunzitsiwo anali adokotala a sayansi ya kuwala, mayi wamtali wosakonda zachibwana. Sanaseke. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kulemba kanthu m'kabuku. Chaka chotsatira, omwewo ndiwo anasankhidwa kuyang'anira ntchito yanga yomaliza.

Nthawi imeneyo n'kuti ndili pa chenjezo lomaliza. Phunziro limodzi ndinali nditalakwa kale m'chaka chachitatu, ndipo kalata inanena mosapita m'mbali kuti ndikalakwanso china ndiwididwa, kutanthauza kuti ndinyamula chikwama n'kubwerera kwathu ku Mwanza wopanda pepala lililonse. Zaka zinayi zonse zinali zitakolekedwa pa ntchito imodzi imeneyi.

Ntchito yake inali iyi. Pali ulusi wagalasi, woonda ngati tsitsi, umene masiku ano aliyense akuutcha faiba chifukwa anauona akuukwirira m'mbali mwa msewu wopita ku bodala. Ukawalitsa katochi ka kuwala kwakuthwa, kotchedwa leza, kumapeto kwina, kuwala kumayenda m'kati mpaka kukatulukira kumapeto kwinako. Koma kuwala sikumangoyenda. Kumayenda kukugwedezeka, ngati chingwe chimene anthu awiri agwira uku ndi uku n'kumachigwedeza, mwina chokweza ndi kutsitsa, mwina cham'mbali. Kumapeto kwa ulusi timaika kagalasi kosefa, kolola kuwala kogwedezekera mbali imodzi yokha, ndipo kuseri kwa kagalasiko kumakhala mita yosonyeza kuchuluka kwa kuwala kumene kwadutsa. Vuto n'lakuti ulusiwu suchedwa kunyanyala. Ukaupinda pang'ono, mbali imene kuwala kukugwedezekera imatembenuka. Ukatenthedwa, imatembenuka. Wina akamenyetsa chitseko, imatembenuka. Ndiye nambala ya pa mita imangokwera n'kutsika ngati mtengo wa tomato.

Pali kachipangizo kowongolera zimenezi: timatabwa titatu tobulungira, tokulungidwa ulusi, timene timapendekeka uku ndi uku. Ife tinkatitcha makutu. Umapendeketsa khutu loyamba, lachiwiri, lachitatu, n'kubwereranso ku loyamba, mpaka nambala itafika pamwamba penipeni. Ukatero umachotsa manja n'kumapuma mwaulemu. Kumaiko olemera kuli makina amene amawongola okha nambala ikayamba kuthawa. Ife tinalibe. Funso limene adokotala anandipatsa linali lakuti, popanda makinawo, nambala ingaime malo amodzi kwa maola angati, ndipo munthu angaithandize bwanji kuti iime.

Mu Seputembala koleji inatsekedwa. Zifukwa zake aliyense amafotokoza zake. Ine mwala sindinagende, ndinali ku laibulale, koma anatithamangitsa tonse. Adokotala, kaya mwa chifundo kaya pofuna kuti ndisadzapeze ponamizira, anandisainitsa pepala n'kundipatsa bokosi: ulusi wa mamita makumi asanu wokulungidwa pa kagudumu ka pulasitiki, makutu aja, katochi, kagalasi ndi mita. Anati ndikagwirire ntchito kunyumba, ndizitumiza manambala pa foni Lachisanu lililonse.

Nyumba ya amayi ili pa Boma, kumunsi kwa msewu waukulu. Bambo anamwalira ndili ku pulayimale. Amayi amagulitsa manachesi m'nyengo yake, ndipo miyezi ina yonse amakazinga mandasi. Kuseri kuli kachipinda kosungiramo madengu a manachesi. Nyengo inali itatha, m'kachipindamo munali mutatsala madengu opanda kanthu ndi fungo basi. Ndinasesa, ndinalowetsa tebulo, n'kulengeza kwa amayi mwa dongosolo lake kuti kuyambira tsikulo malowo ndi labotale ya dziko la Malawi, nthambi ya Mwanza, ndipo palibe wololedwa kulowa.

Amayi anati m'nyumba mwawo sanaletsedwepo chipinda chiyambire. Ndinawafotokozera kuti ulusiwo sufuna kugwidwa, sufuna mphepo, sufuna kutentha, sufuna phokoso. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye mawaya akowo ndi odwala," anatero. "Ukanawasiya konko agonekedwe."

Masabata awiri oyamba sindifuna kuwakumbukira, koma ndiwalemba. Denga ndi la malata, lopanda siling'i. Ndikakonza makutu seveni koloko m'mawa, nambala inkakhala pa 90. Pofika naini, malata atayamba kulira, inali pa 60. Masana inkatsika kufika pa 12, kenako n'kukweranso yokha popanda wouza. Thiraki yopita ku Tete ikadutsa kumtunda, nambala inkavina mpaka thirakiyo itazimiririka. Ndinafunditsa kagudumu bulangete. Ndinakaika m'katoni, katoniyo m'katoni inzake. Ndinamata ulusi pa tebulo ndi selotepi. Ndinathamangitsa nkhuku za aneba zimene zinkapalasa kuseri kwa khoma, ndipo mpaka lero anebawo amandipatsa moni wa theka. Lachisanu ndinkatumiza manambala ooneka ngati mapiri a ku Kanduku, adokotala n'kuyankha ndi mawu amodzi: pitirizani.

Tsiku lina masana, nditatopa ndi kutukwana kagudumu, ndinapita pakhonde kukamwa madzi. Amayi alibe furiji, madzi akumwa amasunga mumtsuko. Ndili m'kati momwa ndinazindikira chinthu chimene ndinachidziwa moyo wanga wonse osachiganizira: madziwo anali ozizira chimodzimodzi ndi m'mawa. Malata akuwotcha, simenti ikuwotcha, koma m'kati mwa dothi lija dzuwa silinkadziwika.

Mitsuko inalipo iwiri. Wapakhonde unali waung'ono, wong'aluka pakamwa. Wina unali waukulu, wakuda, wa mizere m'khosi, umene amayi anachokera nawo kwawo ku Kanduku ndipo ankautulutsa kukabwera alendo okha. Umenewo kukamwa kwake kunali kokwanira kagudumu kanga. Ndinaupempha. Amayi anati nditenge koma ndikauswa ndisamuke.

Ndinakatapa mchenga kumtsinje, kumunsi kwa pamene ng'ombe zimamwera, chifukwa ndi pamene pali wosalala. Ndinausefa. Ndinakwirira kagudumu pakati pa mtsuko, n'kusiya nsonga ziwiri za ulusi zitatulukira kukamwa. Ndinathira madzi makapu atatu, ndinavundikira ndi saka lonyowa, ndipo mtsukowo ndinaukhazika pa tayala lakutha kuti mathiraki asamaufike. Tsiku loyamba nambala inayendabe, koma pang'onopang'ono, mchenga ukukhazikika. Tsiku lachiwiri inayenda pang'ono zedi. Tsiku lachitatu ndinakonza makutu seveni koloko, nambala inali pa 91. Folo koloko madzulo inali pa 89. Mathiraki anadutsa tsiku lonse. Ndinavula chipewa n'kuimirira patsogolo pa mtsuko kwa mphindi imodzi, ndipo ulendo uno sizinali nthabwala.

Tsopano ndinene tchimo langa, chifukwa pa anthu onse amene ndawakwiyira m'nkhani muno, woyamba ndine ndemwe. Mu lipoti sindinalembe mawu akuti mtsuko. Ndinalemba chingerezi chachitali, cholemera, chotanthauza chosungiramo chotchinga kutentha ndi kugwedezeka. Zithunzi zimene ndinkatumiza zinali za nkhope ya mita yokha. Pojambula ndinkasendeza foni mwadala kuti dothi lisaoneke. Ku koleji ankanditcha wa manachesi kuyambira chaka choyamba, ndipo ndinkadziona ndaima pamaso pa aphunzitsi asanu ovala mataye n'kunena kuti vuto la kuwala ndalithetsa ndi mtsuko wa amayi anga. Ndinkamva kale kuseka kwawo. Ndinati ndidzawauza ndikakhoza, pepala lili m'manja.

Masabata atatu ndinatumiza mizere yowongoka ngati msewu wa ndege. Lachisanu lachitatu adokotala sanalembe kuti pitirizani. Anaimba.

"Bambo, manambala anuwa akongola kwambiri," anatero. "Kuno m'chipinda choziziritsa ndi makina sitinafikepo pamenepa."

Ndinathokoza. Anati sakundiyamikira. Anati Lachinayi adutsa pa Mwanza popita ku msonkhano ku Tete, ndipo aima kwa ola limodzi kuti aone ndi maso awo. Nambala ikaima kwa ola limenelo, nkhani yatha. Ikapanda kuima, apereka lipoti ku komiti kuti manambalawo ndinachita kuphika.

Sindinaope ngakhale pang'ono. Ola limodzi kwa mtsuko uja linali ngati kuyasamula. Cholakwa changa chachiwiri chinali kuuza amayi kuti kukubwera adokotala. Ndikanati kukubwera munthu wina wa kusukulu. Mawu akuti adokotala atangolowa m'nyumba, amayi anaimbira foni amalume ku Nthache, ndipo Lachitatu madzulo amalume anafika pa njinga, atavala jekete mu Okutobala, tambala ali pa kaliyala. Amalume ndi mkulu wa mpingo, ndipo pa banja lathu palibe mlendo wolemekezeka amene amalandiridwa iwo palibe.

Ndinawakhazika pansi onse awiri. Ndinati aphike zimene akufuna, asese pamene akufuna, koma m'kachipinda ka madengu musalowe munthu, ngakhale kusuzumira. Ndinabwereza katatu. Amalume anagwedeza mutu n'kunena kuti amva. Kachipindako kalibe loko, kamatsekedwa ndi msomali wopinda.

Lachinayi ndinathira makapu atatu a madzi, ndinakonza makutu, nambala inaima pa 92. Teni koloko ndinakwera kumsewu kukadikira pa filing'i siteshoni, popeza adokotala nyumba sankaidziwa. Anati afika leveni. Anafika hafu pasiti wani. Maola atatu ndi theka ndinaima padzuwa ndikuwerenga mathiraki, ndipo maola atatu ndi theka omwewo amayi ndi amalume anali okha ndi nzeru zawo.

Titatsika galimoto ndinaona kuti pabwalo paseseka mpaka mizere ya tsache ikuoneka. Amayi anatichingamira atavala chitenje chatsopano. Ndinafuna kuwatengera adokotala kuseri, koma amalume anali ataima kale pakhomo la pabalaza, manja onse awiri akuloza m'kati. Tinalowa.

Pa tebulo la pakati, pa kansalu koluka koyera, pakati pa maluwa awiri a pulasitiki, panali labotale yanga. Kagudumu anali atakapukuta mpaka kakunyezimira. Ulusi umene ndinausiya womasuka anali ataukulunga mwaudongo n'kuumanga ndi kansanza kofiira. Makutu atatu aja, amene ndinawasiya lina litagona, lina litapendekeka, anali ataimitsidwa chilili onse mofanana ngati ana pa asembule. Ndipo tebulolo analikokera pawindo, padzuwa, kuti mlendo aone bwino.

Nkhope yanga sinasinthe. Ikanasintha mwina wina akanazindikira kuti pachitika ngozi. Pamaso pawo ndinali mwana wa ulemu amene wakhala pa mpando wapakona, manja pa mawondo, kudikira akulu amalize malonje. Ndipo malonje a amalume satha msanga. Anafunsa za ulendo, za ku Blantyre, za kumudzi kwa adokotala, za mvula ya chaka chatha. Anapemphera. Atatha kupemphera anafotokoza, monyadira, kuti mwanayu ankafuna kulandirira mlendo wamkulu chonchi m'chipinda cha madengu, koma iwo monga eni mbumba anati zimenezo sizichitika iwo ali moyo. Mphindi khumi ndi zisanu za ola langa zinathera pamenepo.

Amayi anabweretsa zakumwa za m'botolo. Adokotala anapepesa kuti ali ndi shuga, akangopatsidwa madzi zikwanira. Amayi anapita pakona ya pabalaza, anavundukula mbale, n'kutunga. Apo ndi pamene ndinauona. Mtsuko wakuda, wa mizere m'khosi, wotsukidwa, wodzaza madzi.

Adokotala anamwa kapu yonse osapumira. Anapempha ina. Ndipo kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni ndinawaona akumwetulira. Anati madzi a mumtsuko anawasowa, a mufuriji alibe kukoma kumeneku, awa akuwakumbutsa ali mtsikana. Amayi anawerama n'kuomba m'manja pang'ono. Nkhope yawo inawala kuposa leza yanga.

Kenako adokotala anatulutsa kabuku kaja n'kunena kuti tiyambe.

Ndinagwada pa tebulo. Ndinamasula kansanza. Ndinapendeketsa makutu, loyamba, lachiwiri, lachitatu, mpaka nambala inafika pa 88. Ndinachotsa manja. Inakhala pamenepo nthawi yokwanira kumeza malovu. Kenako 80. Kenako 71. Dzuwa la pawindo linali pa kagudumu penipeni. Thiraki inadutsa kumtunda, nambala inagwa kufika pa 40 n'kudumphira pa 65. Amalume anasendera pafupi n'kufunsa ngati kukwera ndi kutsikako ndiye kuti makina akugwira bwino ntchito. Adokotala anayang'ana kwa mphindi makumi awiri, akulemba. Atatseka kabuku anandifunsa kuti chosungiramo chija, chotchinga kutentha ndi kugwedezeka, chimene ndinachilemba pa tsamba lachinayi, chili kuti.

Ndinaimirira. Ndinaloza pakona.

"Ndi umenewo, adokotala."

Ndinafotokoza zonse: mchenga, makapu atatu, saka lonyowa, tayala, masiku atatu okhazikika. Ndinafotokoza bwino, mwadongosolo, ndi nkhope yanga yomweyi. Adokotala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bambo, lero si tsiku la choko."

Ndinati sindikuseka. Anati ndi mmenenso ndinanenera tsiku lija. Ndinati afunse amayi. Anatembenuka, kapu ikadali m'manja, madzi atatsala pang'ono pansi pake.

"Mayi, n'zoona kuti zinthuzi zimakhala mumchenga mumtsukomu?"

Amayi anayang'ana kapu ija. Sanayang'ane ine. Ndinaona maso awo akuchoka pa kapu kupita pa mtsuko n'kubwereranso pa kapu, ndipo ndinadziwa yankho lisanatuluke.

"Ayi, adokotala. Umenewo ndi wa madzi akumwa, sitiikamo zina. Mwanayu amangokonda nthabwala."

"Kuyambira ali wamng'ono," amalume anathandizira, akuseka. "Pa maliro a bambo ake anafunsa ngati bokosi lili ndi risiti."

Zimenezo n'zoona, ndinafunsadi, ndipo ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Sindinaganize kuti zidzaperekedwa ngati umboni.

Ndinati mchenga uli kuseri, tipite tikaone. Tinapita. Mchenga amayi anali atauwaza pamatope a pafupi ndi bafa n'kuusesa bwinobwino. Tayala amalume anali ataligubuduzira kumpanda kuti lisanyanse pabwalo. M'kachipinda munali madengu ndi fungo la manachesi. Ndinapempha masiku atatu okha, kuti pobwerera ku Tete Lamlungu adzaone. Adokotala anati zipangizo za koleji sangazisiyenso m'manja mwanga, ndipo anazilongedza okha m'bokosi. Anafuna kunyamuka, koma amalume anati tambala wafa kale, mlendo sangachoke ndi njala. Anakhala. Anadya mpunga ndi chiwalo cha nkhuku. Nthawi ya chakudya inapezeka, mphindi makumi awiri ndi zisanu, ndinaziwerenga. Anayamikira kaphikidwe. Anamwanso madzi.

Galimoto itangokhota, ndinalankhula ndi amayi mawu amene sindinawalankhulepo kwa iwo. Sindiwalemba onse. Amalume anafuna kulowererapo, ndinawauza kuti jekete lawo likalankhule ku Nthache. Amayi anandisiya mpaka mpweya unandithera.

"Umafuna ndinene chiyani?" anatero. "Kuti mlendo wamwa madzi a mumtsuko umene m'mawa uno munali mchenga wa pamene ng'ombe zimakodza? Munthu wodwala shuga? Atayamikira kale?"

"Mukananena zoona."

"Ndinautsuka katatu ndi phulusa. Madziwo anali abwino."

"Amayi, mwandichotsetsa sukulu."

"Sukulu yanji yochotsa munthu chifukwa cha mtsuko?"

Sankadziteteza. Ankafunsadi. Kwa iwo zimene zinachitika zinali zazing'ono: mwana anasiya zinthu zake mwauve, iwo anakonza, mlendo anadya, anakhuta, anapita. Ndinachita kukatenga kalata ya chenjezo ija n'kuwamasulira mzere ndi mzere. Nditafika pa mawu omaliza anakhala pansi pa simenti, pomwepo pakhomo. Amalume anapalasa njinga tsiku lomwelo, osatsanzika.

Lachisanu m'mawa ndinadzuka n'kupeza amayi kulibe, mandasi sanakazingidwe. Anabwera cha m'ma naini atasenza ndowa ya mchenga. Anataya madzi a mumtsuko, anasefa mchenga ndi sefa ya ufa, anathira, n'kundifunsa kuti makapu aja ndi angati. Ndinati atatu, koma mtsuko wa mchenga wopanda ulusi ndi mtsuko wa mchenga basi. Anati ndisawaphunzitse. Loweruka anathiranso makapu atatu.

Lamlungu sanapite ku tchalitchi. Anasenza mtsuko uja, wodzaza mchenga wonyowa, kukwera nawo mtunda wonse mpaka pa filing'i siteshoni. Msewu wochokera ku Tete ndi umodzi, adokotala analibe kwina kodzera. Amayi ndinawatsatira chifukwa sindikanatha kuwasiya, osati chifukwa ndinali ndi chiyembekezo. Tinakhala pamenepo kuyambira eyiti koloko. Pamalopo ndi pamene amayi amagulitsira, ndiye amayi anzawo onse a malonda analipo, aliyense akufunsa kuti mchengawo akugulitsa bwanji.

Galimoto inatulukira cha m'ma fili koloko. Amayi analowa mumsewu, dalaivala anachita kuponda mabuleki. Adokotala atatsitsa galasi, amayi anagwada pafumbi, pamaso pa anzawo onse aja, n'kunena mokweza kuti Lachinayi ananama. Anati mawaya ankakhaladi mumtsuko, iwo ndi amene anawafukula, ndipo madzi amene adokotala anamwa anachokera mumtsuko umene munali mchenga wa kumtsinje. Anati ngati pali wochotsedwa achotsedwe iwo. Amayi a malonda anasiya kuitanira makasitomala. Mmodzi anagwira pakamwa.

Adokotala anatsika. Anawadzutsa amayi ndi manja awiri, anawasasa fumbi pa chitenje. Analankhula mofatsa kwambiri, ndipo kufatsa kumeneko ndi kumene sindinawakhululukire mpaka lero.

"Mayi, ndikumvetsa. Inenso ndili ndi ana. Ndikanachita chimodzimodzi."

Bodza analikhulupirira pa mphindi imodzi, ali ndi kapu m'manja. Zoona, zonenedwa chogwada pamsewu, anaziona ngati chikondi cha kholo. Ndinati bokosi lili m'galimotomo, mtsuko ndi uwu, andipatse masiku atatu, ngati akufuna asiye dalaivala azindilondera. Anati anaimbira kale mkulu wa dipatimenti ali ku Tete, nkhani ili m'manja mwa komiti, ndipo bokosilo tsopano ndi umboni. Munthu wa sayansi, amene anatiphunzitsa zaka zinayi kuti ukakayika uyese, anakana kuyesa chinthu chofuna mchenga ndi makapu atatu a madzi. Ndinawauza zimenezo, m'mawu omwewo. Sanakwiye. Anatsegula chitseko cha galimoto, kenako anatembenuka.

"Ngati n'zoona, bambo, bwanji simunalembe mu lipoti? Bwanji palibe chithunzi ngakhale chimodzi?"

Ndinali ndi yankho la chilichonse kuyambira ndili mwana. Pamenepo ndinalibe. Amayi anandiyang'ana, akudikira kuti ndiyankhe, chifukwa iwo sankadziwa kuti mtsuko wawo ndinaubisa. Anadziwira pomwepo, pamsewu, kuti si iwo okha amene anachita nawo manyazi.

Galimoto inapita. Ndinawerama kuti ndinyamule mtsuko, amayi anandikankha dzanja. Anapempha mayi wina wa malonda kuti awasenzetse. Anatsika nawo mtunda ali patsogolo, ine pambuyo, mpaka kunyumba.

Komiti inandiitana koleji itatsegulidwa. Anali asanu, anayi ovala mataye. Ndinanena za mtsuko, ndipo anasekadi, monga ndinkaopera, kupatula adokotala amene ankayang'ana m'kabuku. Wapampando anati akuyamikira luso langa lopeka nkhani koma akadakonda ndikadaligwiritsa ntchito ku dipatimenti ina. Ndinapempha kubwereza kuyesako pamaso pawo. Anati malamulo salola kubweretsa umboni umene sunali mu lipoti. Kalata yondichotsa inafika mu Disembala, manachesi ali ang'onoang'ono obiriwira m'mitengo.

Masiku ano ndimakonza mafoni m'kakontena pafupi ndi bodala. Faiba ya makampani imadutsa pansi, mamita awiri kuchokera pakhomo langa, yokwiriridwa m'dothi lozizira, ndipo palibe amene amaiseka. Mtsuko uja uli kuseri kwa nyumba ya amayi. Mchenga sanautaye, madzi akumwa sanathirenso, ndipo alendo akabwera amamwa a mu waung'ono wong'aluka uja. Nkhaniyi sitiikamba. Amalume akabwera timakambirana za mvula.

Makasitomala ena, akaona mmene ndikugwirira foni, amafunsa kuti sukulu ndinalekeza pati. Ndimawauza kuti chaka chachinayi ku koleji, kutatsala miyezi iwiri. Amafunsa kuti chinachitika n'chiyani. Ndimati anandichotsa chifukwa cha mtsuko. Amayang'ana nkhope yanga, amadikira pang'ono, kenako amaseka n'kunena kuti achimwene inu ndinu oseketsa.